Lowani Awirinu

Zdenka Pirc anaphunzitsa za zilankhulo mumzinda wa Ljubljana zaka zambiri: kamvekedwe ka mawu, kapangidwe kake, kalumikizidwe ka ziganizo ndi matanthauzo ake. Patchuthi ankakwera kumapiri kukajambula malankhulidwe a okalamba, mwamuna wake Miran atamunyamulira makina. Miran atamwalira, Zdenka anapitako yekha.

Anafikira kwa Ignac, nkhalamba yoweta njuchi, imene inkalankhulabe ngati makolo a m'chigwa cha kwawoko.

"Lowani awirinu, kunjaku kwazizira," anatero Ignac.

Chilankhulo chawo chimasiyanitsa munthu mmodzi, anthu awiri ndi anthu ambiri, ndipo m'mawa wonse nkhalambayo inamulankhula ngati ali awiri. Zdenka anakondwa. Anayesa watola ulemu wamakedzana umene palibe katswiri anaulembapo.

Masana kunabwera Rezka, mayi wa nyumba yoyandikana, atanyamula buledi.

"Iwe Rezka, buledi wakoyu ndi wogendera agalu," anatero Ignac.

"Mano munatha kalekale, musanamizire buledi wanga!"

Zdenka anaperekeza mayiyo mpaka pachipata. "Mayi, kodi kuno mlendo mumamulonjera ngati awiri?"

"Ife? Chibadwire sindinamvepo zimenezo."

Atabwerera m'nyumba anapeza Ignac atathira mowa wa uchi m'matambula atatu.

"Agogo, yachitatuyi ndi ya ndani?"

"Ya bambo mwabwera nawowa. Achipewa chobiriwirawa. Chifikireni angoima kumbuyo kwanu. Auzeni akhale pansi, asaope, mpandowo ndi wolimba."

Chipewa chimenecho Zdenka anachiika yekha m'bokosi la maliro a Miran. Sanacheuke. Anagwira tambula yake ndi manja onse awiri.

Za ulemu wamakedzana zija sanalembe chilichonse. Koma Loweruka lililonse ankakwera phirilo, akudziuza kuti ntchito sinathe. Ankakhala moyang'ana kuzenera, Ignac n'kumacheza nawo onse awiri za mvula ndi za njuchi zosamuka.

Masamba atayamba kuyoyoka, Ignac anamwalira. Atabwerera kumzinda, Zdenka anatsekera chitseko cha ofesi n'kumvera zimene anajambula. Pena pake nkhalambayo inafunsa, "Nanga inu bambo, mukuti bwanji?" Kunangoti zii, kumangomveka njuchi chapatali. Kenako Ignac anaphulika kuseka mpaka kutsokomola, monga ankasekera anthu Miran akaponya nthabwala.

Zdenka anazimitsa makinawo. Ophunzira ake anamudikira m'kalasi mpaka nthawi inatha.