Tambala Wokwera Sitima

Laison anakankha chitseko ndi phazi, manja ali bii ndi phula la fodya. Mkazi wake Natalia anali chigonere pamphasa, khanda lili kubere, mchombo wake usanagwe n'komwe.

"Kodi muzingogona ngati dona? Fodya akupsera m'munda."

Natalia anayankha motsitsa mawu kuti akadali m'chikuta, ndipo magazi sanaleke. Laison anaseka. Iye anali munthu woyenda: Halale anaipondaponda, ku Bulawayo anadyako buledi wopaka batala, Joni anaiona ndi maso akewa. Kumeneko, ankatero iye, mkazi amabereka lero, mawa ali kuchapa malaya a mzungu. Za chikuta n'za anthu osakwera sitima. Ngakhale chikamwini anachikana, nachotsa Natalia kwawo ku Nambuma kudzakhala naye pa chitengwa kuno ku Namitete, kutali ndi mayi ake.

Modesta, mayi wa nyumba yoyandikana amene anathandiza pa uchemberewo, anafika ndi phala la nsinjiro. Anauza Laison kuti wobereka amafuna kugona, kuthowedwa ndi madzi otentha, ndi msuzi wa nkhuku kuti mkaka utsike. Nkhuku zonse zinali zitatha ndi chitopa, kupatula tambala woyera amene Laison anabwera naye m'dengu kuchokera ku Halale.

"Tambala uyu anakwera sitima, mayi. Kodi inu munakwerapo?"

"Sindinakwerepo," anatero Modesta, "koma ndinasambitsako maliro a wina amene anatuluka m'chikuta msanga. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu."

M'mawa mwake Natalia anamanga nsalu m'mimba n'kutuluka. Anasoka fodya, anatuta nkhuni zofukizira m'chigafa, akudya mfutso wopanda nsinjiro. Mkaka unayamba kuuma, mwana akulira mpaka mawu kusasa. Tsiku lina masana anagwa ndi mtolo wa nkhuni panjira, nsalu ili nonono ndi magazi. Modesta anamukokera m'nyumba, natumiza mawu ku Nambuma osapempha chilolezo kwa munthu.

Abrahamu, mlongo wake wa Natalia, mwini mbumba, anafika ndi ngolo yobwereka. Laison atamuona anazunguzika mutu. Mlamu wotere, wovala jekete, akanena chiyani kwawo akam'patsa mfutso? Munthu wa ku Halale n'kudyetsa mlendo masamba? Anathamangitsa tambala uja kuzungulira nkhokwe, namudula khosi. Modesta anamuphika. Mphika ukubwata, Laison anali kufotokoza za magetsi a ku Joni, Abrahamu akungoyang'ana chitseko cha mlongo wake.

Mbale itafika, Abrahamu sanasambe m'manja. Anainyamula, naimirira.

"Ndinamva kuti tambalayu ngosaphedwa, alamu. Kani amadikira wodwala wovala jekete, eti?"

Anapereka mbaleyo kwa Modesta kuti alowe nayo m'nyumba. Natalia anamwa msuzi pang'onopang'ono. Kenako mlongo wakeyo anamugoneka m'ngolo pa udzu, mwana ali m'manja mwa Modesta. Abrahamu ananena kuti ayamba adzera kuchipatala cha mishoni, ndipo akakatuluka kumeneko Natalia sabwereranso pakhomo pano.

Laison anatsatira ngolo akulonjeza. Fodya wa chaka chino anali woti azungu ogula adzavula zipewa. Adzagula deresi, adzagula nsapato, adzagula nkhuku khola lonse. Natalia anadzutsa mutu pang'ono.

"Nthenga zija mutole, bambo a mwana, muzionetsa anthu kuti zinakwera sitima. Mukamufuna mwanayu, njira ya ku Nambuma mukuidziwa. Mudzabwere ndi khasu lanu."

Ngolo inakhota pa mtengo wa mkuyu, kulira kwa mateyala ake n'kuzilala. Laison anabwerera kuchigafa, napeza moto utazima. Anaukoleza yekha, utsi ukumuwawa m'maso.

M'mawa mwake dzuwa linamupeza ali m'tulo, poti pakhomo panalibenso womudzutsa.