Wokaperekeza Maliro

Vivian ankasita malaya oyera odzawaveka malemu bambo ake m'bokosi pamene Jared, mlongo wake wamng'ono, analowa n'kuponya pasipoti yake patebulo ngati khadi la basi. Anati tikiti yapezeka, mtembo unyamuka Lachisanu, iyenso ndege yomweyo.

Vivian sanadzutse mutu. Nsanje inamugwira, ndipo sanachite nayo manyazi. Woyamba kubadwa ndi iye. Ndi iye amene ankadziwa manda a kwawo ku Ntcheu, ndiponso malume oyenera kuwagwadira poyamba. Koma wokaperekeza maliro anali Jared, mnyamata woti ukamufunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi.

Makolo awo pothawira ku Dublin anamusiya Vivian kwa azakhali ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Jared anabadwira konkuno, nthawi imene mwana wobadwira ku Ireland ankangokhaliratu nzika. Pamene bambo awo, a Cuthbert Kamwendo, ankaloledwa kuitanitsa ana, Vivian anali atakwanitsa zaka 18, ndipo lamulo linati si mwananso. Anabwera yekha pambuyo pake n'kupempha chitetezo, ndipo mlandu wake unali usanathebe. Akanangotuluka m'dzikomo, sakanabwereranso ku Mulhuddart, dera la mu Dublin kumene mayi ake ankakhala.

Chomuwawa kwambiri chinali chakuti bambo akewo, amene kwawo anali mphunzitsi wa mbiri yakale koma kuno ankasambitsa okalamba, sankatha kudya osalalikira za anzeru a ku Ulaya a zaka za m'ma 1700. Ankati anthuwo anaona kuti munthu amabadwa ndi ufulu wake, wa moyo, wa kuyenda, wa kusunga chimene wakhetsera thukuta, ndipo mfumu kapena boma silipereka ufuluwo, ntchito yake n'kuuteteza basi. Vivian ankangomvetsera, uku mumtima akuti ufulu wobadwa nawo ulipodi, koma umayamba wafunsa chipatala chimene wabadwira.

Jared anamupempha kuti amulembere mawu okanena kumanda.

"Kafunse pasipoti yakoyo," anatero Vivian. "Si imene yakusankha?"

Mayi awo, a Magdalene, anali pampando wa pakona atafunda chitenje pamwamba pa juzi. "Iwe Vivian, mwanayu anasankha yekha kobadwira?"

"Nanga ine ndinasankha kutsala, amayi? Bambo ankati tonse timabadwa ofanana. Ankanena ali ndi mwana mmodzi pamwendo, wina ali ku Ntcheu akutunga madzi a eni ake."

Jared anatola pasipoti ija mwakachetechete n'kuibisa m'thumba. Mayiwo anangomuuza Vivian kuti akatenge buku la bambo ake lija pawindo la kuchipinda, chifukwa malemuwo ananena kuti lidzalowe nawo m'bokosi.

Linali buku lakale la anzeru omwe aja, chikuto chake chomatidwa ndi tepi. Vivian ankadana nalo ngati mkazi mnzake. Polinyamula, pakati pake panagwa kalata yopindidwa kanayi. Inali yochokera ku boma, ya zaka zisanu zapitazo, yowauza a Cuthbert kuti pempho lawo lokhala nzika lavomerezedwa, angotsiriza zofunika kuti akalumbire. Vivian anaiwerenga kawiri. Bambo ake sanalumbirepo, ndipo iye ankaganiza kuti anawakana.

Anabwerera nayo pabalaza n'kuwaonetsa mayi ake.

"Ndinawachonderera," anatero a Magdalene. "Chaka chotsatira agogo ako anamwalira, iwo osapita kukaika mayi awo, poti pepala la othawa kwawo silifika ku Malawi. Analira m'bafa muja ngati mwana. Tatembenuza kalatayo."

Kuseri kwake kunali zilembo za bambo ake, zopendekera kumanja ngati za pabolodi: "Ngati ndi wobadwa nawo, sindingaulandire mwana wanga ali panja. Ndidikira Vivian."

Vivian anakhala pansi, pakapeti. Nsanje sinathe yonse, pakuti Lachisanu ndege inali kudzanyamukabe popanda iye. Koma patapita kanthawi anaitana Jared kuti abwere ndi pepala, n'kuyamba kumuuza dzina la malume oyamba kuwagwadira, pang'onopang'ono kuti alembe bwino.

Atatha anapinda kalata ija mmene inalili, kanayi, n'kuilowetsa m'thumba la malaya oyera aja. Nsalu inali idakali yofunda.