Chikuto Chokha

Mlembi wa mabuku anabwereka jekete kwa mlamu wake. Mikono yake inali yaifupi, koma iye analibe nazo ntchito. Lero apongozi aamuna adzionera okha. Si iwowa amanena pagulu kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu amene ntchito yake n'kukanda mutu?

Holo ya hotelayo inadzaza. Apongozi anakhala kutsogolo, chipewa pabondo. Mlamu pambali pawo, ali ndi shati yokha.

Wapampando wa oweruza mpikisano wolemba mabuku anaimirira. Anakweza m'mwamba buku lopambana.

"Ili ndi lomwe ndinawerenga ineyo," anatero. "Tulo sindinatione. Mutu wachitatu unandiliza. Oweruza tonse tinagwirizana, osakangana n'komwe."

Anthu anaomba m'manja. Mlembi anakwera pansanja, nalandira chikho. Kenako wapampando anamupatsa buku lija kuti awerengeko pang'ono.

Mlembi anatsegula. Pepala loyera. Anatembenuza. Loyera. Pakati, loyera. Kumapeto, mbee!

Anakumbukira wosindikiza buku lakelo. Tsiku lotseka mpikisano makina anali atafa. "Musadandaule, achimwene," anatero wosindikizayo. "Titumiza kaye mabuku achitsanzo, achikuto chokha, kuti dzina lanu lilowe. Enieniwo ndikasinthitsa ndekha." Ndiye kuti sanapiteko.

Mlembi anayang'ana wapampando. Wapampando anamwetulira, n'kumukodola ndi chibwano kuti ayambe.

Anasakasaka chiganizo choyamba cha buku lake m'mutu. Chinali chitathawa. Anaona dzanja lake litatuluka mu jekete mpaka pafupi ndi chigongono.

"Munthu wina anabwereka jekete," anayamba, maso ali papepala lopanda kanthu. "Mikono yake inali yaifupi. Mwini wake anali munthu wouma manja, wobwereketsa chinthu uku akuchiperekeza ndi maso."

"Eya! Pamenepo!" anafuula wapampando, atatsinzina. "Mutu wachitatu umenewo!"

Oweruza enawo anagwedeza mitu. Mmodzi anapukuta maso. Mlamu yekha sanaombe m'manja.

Mwambo utatha, apongozi anamupeza pakhomo, pomwe wojambula ankamuimika pafupi ndi wapampando.

"Tabweretsani bukulo, mwana wanga."

Mwana wanga. Chikwatirireni, anali asanamutchulepo choncho.

Apongozi anavala magalasi. Ananyowetsa chala. Anatembenuza tsamba, kenako lina, kenako lina. Anavula magalasi, kuwapukuta, kuwavalanso.

Mlembi anafuna kufotokoza. Buku lenileni lilipo, bambo, lili kwa wosindikiza, lodzaza mawu mpaka kumapeto. Koma wapampando anali pomwepo, dzanja lili paphewa pake. Kungotero, chikho chibwerera. Anachikumbatira.

"Zaka zonse zija mumadzitsekera kuchipinda, ana asapange phokoso," anatero apongozi motsitsa mawu, "mumalemba zimenezi?"

"Eya, bambo."

"Luso lozama, achikulire," analowererapo wapampando. "Si aliyense angalimvetse."

"Ndaona," anatero apongozi.

Anatseka bukulo bwinobwino, n'kusisita chikuto chake.

"Chikutochi n'chokongola. Anajambula ndinu?"

"Ayi, bambo. Wosindikiza."

Apongozi anamubwezera buku. Anavala chipewa.

"Jeketelo mukabweze lero lomwe, a Mlembi. Mwini wake wamva zonse."

"Tamwetulirani, bwana wopambana!" anatero wojambula.

Mlembi anakweza chikho kumaso, mpaka chinabisa nkhope yonse.