Lamba wa Pamimba pa Nicanor

Madokotala anachotsa ndulu ya Nicanor Ticona kudzera m'timabowo tinayi tonga mabatani a malaya, ndipo m'mawa mwake anam'tulutsa. Iye anaseka kuti opaleshoni yake ndi yomweyi? Koma atayesa lipenga lake kunyumba, linalira ngati mbuzi yachimfine. Mpweya unkathera pakhosi. Munthu woti waimba zaka makumi atatu kutsogolo kwa bandi pa chikondwerero cha ku Oruro, lero kulephera kuzimitsa ndi kandulo yomwe! Mantha anamugwira.

Mkulu wa bandi, Don Evaristo, sanapite m'mbali. "Achimwene, kwatsala milungu inayi. Mukapanda kuchira, malo anu ndipatsa wina, inu muzikanyamula mbendera."

Kuchipatala anali atam'patsa kachipangizo ka timipira titatu, toti tizikwera iye akakoka mpweya. Sabata yathunthu kankakwera kampira kamodzi kokha, nakonso monyinyirika. Atabwerera kuchipatalako ndi mkazi wake Basilia, namwino Zulma anamuuza kuti avule malaya, ndipo atavula, namwinoyo anagwira pakamwa. Pamimba ponse panali lamba woluka waubweya, wokulungidwa katatu, wothina kwabasi.

"Mayi, mwamanga munthu kapena thumba la mbatata?"

"N'kuti mphepo isalowe m'mabalamo, mwanawe," anatero Basilia. "Malemu amayi anga ankatero."

"Mphepo ndiye sikulowadi, komatu ndi mpweya womwe! Opaleshoni imeneyi ikachitika mapapo amachita kale ulesi chifukwa cha ululu. Inu mwawatsekeranso m'ndende."

Lamba uja atamasulidwa, Nicanor anakoka mpweya mpaka misozi. Kampira kachiwiri kanadumpha. Basilia anachita manyazi, koma manyazi a mayi ameneyu sakhalitsa: kuyambira tsikulo anasanduka msilikali. Ola lililonse, "Kokani, bambo, musandichititse manyazi!" M'mawa uliwonse ankamukweza chitunda wapansi, osamumvera chisoni. Pofika sabata yachitatu timipira tonse tinkagunda kudenga.

Loweruka la chikondwerero Nicanor anaima pamalo ake, ovina ali piringupiringu mumsewu. Nyimbo itafika pa liwu lalitali lomaliza, Don Evaristo anatsitsa dzanja, malipenga onse n'kukhala chete kupatula limodzi. Nicanor anapitirirabe, masaya ali tuu, mtima ukusefukira ndi chimwemwe, mpaka oimba ng'oma anayamba kuseka n'kumuombera m'manja.

M'khamumo munamveka mawu a Basilia, okuwa kuposa bandi yonse: "Mwawamva? Amuna angatu amenewo!"