Bokosi Lopanda Maliro

Holo ya ophunzira pa koleji ya kumtunda kwa Chintheche inali ndi kantini, kachipinda kometera, ndi siteji ya matabwa olira ukawaponda. Koma sabata imeneyo pachitseko chake panalendewera loko watsopano. Anamuika ndi a Fraser Mphande, oyang'anira ophunzira, munthu wokonda mawu oti "mbiri ya koleji" kuposa tiyi.

Chinawapsetsa mtima ndi sewero la Alice. Mtsikanayu analemba za Temwa, mnzake wa chipinda chimodzi, amene anamwalira ndi malungo kachipatala ka pakoleji kali kotseka Lamlungu lonse. A Mphande anati sewerolo lisaonekenso. Alice anati lionetsedwa basi.

Sewerolo linkafuna bokosi la maliro, ndipo kalipentala wa pamsika anawakhomera la matabwa otsala. Makondakitala a minibasi onse anakana kulinyamula, poopa tsoka. Choncho anyamata a m'gulu la sewerolo analisenza pamapewa, Alice ali patsogolo ndi chitenje chakuda cha m'sewero.

Apa ndiye zinthu zinayamba kuyenda zokha. Akabaza anatsika panjinga. Abambo anavula zipewa. Amayi a Umanyano, akuchokera ku msonkhano wawo wa mpingo, anaona bokosi likuyenda lopanda nyimbo. Chamanyazi chotere sichingachitike iwo ali maso! Anayambitsa nyimbo n'kulondola pambuyo, ogulitsa usipa nawo n'kusiya mabeseni.

"Alice, auze anthuwa," ananong'ona Griffin, amene anasenza kutsogolo.

Anayesa, koma nyimbo inameza mawu ake. Mlonda wa pageti, yemwe anauzidwa kuti asalowetse a sewero, anatsegula geti lonse, chipewa chili pachifuwa. Ndani angaimitse maliro?

Pakhonde la holo panali pataima a Mphande. Alice anakwera masitepe, natembenukira khamu lija.

"Pepani, makolo. M'bokosimu mulibe munthu. Ndi sewero."

Anthu anang'ung'udza. Bambo wina anati ana a masiku ano akuitana imfa ndi manja awo.

"Imfa inabwera kale, Ada!" anatero Alice mokwiya. "Inatenga Temwa Kamanga pakhomo lotseka, pompano. Tikufuna muone mmene anafera, koma atitsekera."

Kenako Ama Lettie, mtsogoleri wa Umanyano, anafunsa, "Temwa wa ku Bandawe? Uja tinamusambitsa ifeyo?"

"Yemweyo, Ama."

A Mphande anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Mwana iwe, ukayamba zimenezi, mayeso sulemba."

Alice anachita mantha, sitingabise. Anaganiza za amayi ake, amene anaviika chinangwa n'kumagulitsa ufa wake zaka zonsezi kuti iye afike pano. Komabe anayang'ana anzake nati, "Tsitsani bokosi pompa. Loko ndi wawo, koma khonde sanalikiye."

Anagona m'bokosimo yekha, m'malo mwa Temwa, napinda manja pachifuwa. Griffin anayamba kugogoda chitseko chokiyidwacho, akufuula kuti anesi atsegule, monga anachitira tsiku lenileni lija. Amayi anayala zitenje pa udzu n'kukhala.

A Mphande anatsala chilili pakati, makiyi ali m'manja.

"Ada," anatero Ama Lettie, osawayang'ana n'komwe, "khalani pansi. Mukutitchinga."