Dongo la Papepala

Makina obowolera atafika pa mamita makumi awiri ndi anayi, mkulu wobowola anazimitsa injini. Anawola dothi lomwe linkatuluka m'dzenjemo, n'kulinunkhiza, kenako anakodola mayi woyang'anira ntchitoyo.

"Mayi Mizere, tabwerani mudzaone dongo lanu lija."

Dzinali anamupatsa ndi obowola omwewo, chifukwa ntchito yake inali kujambula za pansi pa nthaka, ngati munthu waidula ndi mpeni n'kumaiyang'ana cham'mbali: apa mchenga, apa dongo, apa thanthwe. Anatambasula dzanja, mkuluyo n'kumuthira dothilo. Unali mchenga wokhawokha, wonyowa, wa kafungo konga ka penti.

"Pitirirani pang'ono," anatero mayiyo. "Mwina lili pansipo."

"Amayi, ndayamba kubowola inu musanamere mano. Dongo likakhala pafupi, makina amalira mwina. Apa palibe. Mwina lapita kumaliro."

Anzake anaseka, koma ataona nkhope ya mayiyo anasiya.

Pamalopo kale panali fakitale yotsuka zitsulo. Itatsekedwa, kunapezeka kuti mankhwala ake analowa pansi n'kusakanikirana ndi madzi. Kampani yomwe Mayi Mizere ankagwirako ntchito inapatsidwa ntchito yokumba zitsime zopopa madzi oipawo. Koma maenje oyesera nthaka anangobowola awiri okha, lina kumpanda, lina kumsewu, motalikirana mamita mazana atatu. Monsemo anapeza dongo, lomwe madzi sadutsamo. Za pakati pa maenjewo palibe amene ankadziwa, choncho iye anajambulapo mzere wodukizadukiza wosonyeza kukayika n'kupempha dzenje lachitatu.

"Amene atipatsa ntchito safuna zokayikakayika," anatero abwana ake. "Dongo kuno, dongo uko, pakati pangakhale chiyani? Lumikizani."

Ndipo analumikiza, ndi dzanja lake lomwe, n'kusainira pansi. Potsatira chojambulacho, zitsime zonse zinayi zinalekera pamwamba pa dongolo. Zaka ziwiri mapampu anakhala akupopa madzi apamwamba, pomwe mankhwala ankatsika pa mpata wamchengawu kukalowa m'madzi akuya, omwe mjigo wa anthu okhala kumunsi kwa fakitale unkatungako.

Dzenje la lero ndilo linali loyamba kuzama chonchi pakati pa maenje awiri aja. Mayi Mizere anapita kuseri kwa galimoto n'kuimbira abwana.

"Dzenje limodzi si umboni," anayankha abwanawo atamvetsera. "Tumizani madzi akawayeze, tidikire zotsatira. Ndi milungu itatu basi."

"Milungu itatu anthu akumwa?"

"Amwa zaka ziwiri, mayi. Musaputse mavu. Komanso muzikumbukira kuti dzina lili papepala lija si langa."

Foni inaduka. Mkulu wobowola, yemwe anamva zonse, anapukuta manja pa ovolosi yake.

"Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero. Koma kuno mitu ikuluikulu ndi imene imadziwa kulewa." Anatsitsa tcheni ndi loko m'galimoto, n'kuziika pamapazi pa mayiyo. "Ine sindinakuuzeni kanthu."

Mayi Mizere anatsetsereka yekha ndi kanjira ka m'mbali mwa mpanda, tchenicho chikumulemera paphewa. Kumunsiko ankamudziwa aliyense. Ndi iyeyo amene anaimirira pamsonkhano, chojambula chake chitamatidwa pakhoma, n'kuuza anthu kuti madzi awo ali pansi pa denga lolimba, azimwa osaopa. Anamuombera m'manja tsiku limenelo, ndipo amene anaombera kwambiri anali mkulu wake wobadwa naye, amene anamulera mayi awo atamwalira.

Anawapeza achemwali akewo akuchapa pakhonde. Pamkeka panagona mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi ziwiri, yemwe chiyambire dzinja ankangodwaladwala, maso ali chikasu, kuchipatala osapeza chenicheni.

"Taonani ophunzira atikumbuka lero!" anatero achemwaliwo akuseka. "Nanga tchenicho? Wayamba kuweta agalu?"

"Achemwali, khalani pansi."

Anafotokoza zonse, osabisa kanthu: maenje awiri, mzere uja, mchenga wa lero. Achemwali ake anamvetsera manja ali m'beseni, thovu likuphwa pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti mwanayu ndi madziwa?"

"Sindikudziwa. Mwina. Akamuyeze chiwindi."

"Sukudziwa." Anagwedeza mutu. "Nanga tsiku la msonkhano lija, unkadziwa?"

"Ndinkakayika."

"Unkakayika, koma unabwera m'nyumba muno, ndinakupatsa madzi, iwe n'kunena kuti ulibe ludzu. Ndinkayesa ndi ulemu."

Mayi Mizere anafuna kukana, koma anakumbukira kuti zinalidi choncho. Anayang'ana pansi. Achemwali ake sanalire, sanatukwane. Ananyamula mwanayo n'kulowa naye m'nyumba, chitseko n'kuchitseka mwakachetechete ngati muli wogona.

Pamjigo panali amayi asanu ndi awiri ndi zidebe zawo. Anawauza mwachidule, n'kukulunga tcheni pa chogwirira, n'kukhoma loko.

"Tamva," anatero mayi wina wachikulire. "Tsono timwa chiyani?"

"Ndikapempha kuti azibweretsa madzi pagalimoto."

"Liti?"

Mayi Mizere anaika kiyi wa loko m'thumba. Mpopi wapafupi unali ulendo wa maola awiri kupita ndi kubwera, ndipo unkatuluka madzi kawiri pa mlungu.

Madzulo omwewo analemba lipoti loona n'kulitumiza kwa abwana ndi kwa amene anapereka ntchito. Yankho linabwera mmawa, la mizere iwiri: ayambe wakhala kunyumba mpaka nkhani yake itaunikidwa. Za galimoto ya madzi sanatchulemo.

Tsiku lachitatu anatsikiranso kumunsi kuja, atanyamula zigubu ziwiri za madzi abwino, zomwe manja ake anakwanitsa. Asanafike anamva kulira kwa mjigo. Loko anali atamuphwanya ndi mwala, tcheni chili pansi m'matope, ndipo mzere wa zidebe unafika mpaka kumsewu. Palibe amene anamukalipira. Ena anamupatsa moni monga mwa masiku onse.

Achemwali ake anali achitatu pamzerewo, mwana ali kumsana ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha. Anayang'ana zigubu ziwirizo, n'kuyang'ana mulu wa zochapa, mapoto ndi ana a anzawo amene ankadikira. Nthawi yawo itakwana, anaika chidebe pansi pa mpopi, n'kugwira chogwirira ndi manja awiri, n'kuyamba kupopa.