Denga la ku Tharby

Mukakumana ndi munthu wa dzina loti Tharby, musavutike kumufunsa kuti kwawo nkuti, sakudziwako. Mudzi wa dzinali unatha zaka mazana asanu zapitazo. Ndipo woyamba kutchedwa dzinali sankalifuna nkomwe.

Anali Osbert, mmisiri wofolera nyumba. Chaka chimene mwini malo anaona kuti ubweya wa nkhosa ukupindulitsa kuposa alimi, analamula kuti anthu onse a ku Tharby achoke. Anthu anakana. Ndiye mwini malo uja anaitana Osbert, mwana wa m'mudzi momwemo, nkumuuza kuti asasule madenga onse chisanu chisanafike, iye adzamusiyira nyumba yake. Osbert anavomera, ha! Anasasula madenga khumi ndi asanu ndi anayi amene anafolera yekha. Anthu anabalalika ndi akatundu kumutu. Koma mayi Emmot, wokalamba wosaona bwino, anakana kutuluka. Anakhala pampando wake m'nyumba yopanda denga, ndipo Osbert ndi amene anakamupeza atauma gwa, chisanu chitamuyeretsa tsitsi ndi m'manja.

Nyumba yake ija Osbert sanagonemonso. Anayenda masiku anayi mpaka tauni ina ya msika, akafunsidwa kwawo ankangoti, "Kumpoto." Anakwatira Sibil, wophika mowa, mkazi wa pakamwa ngati lumo koma wa mtima wabwino, amene sankadziwa kanthu. Chimene Osbert ankaopa pa dziko lonse nchoti Sibil adzamve.

Komabe akakwera padenga lililonse nkusuzumira pansi pakati pa mitengo, ankaona mpando, ndi mayi uja atakweza nkhope kumuyang'ana. Masana dzuwa likuswa mtengo, anthu akugula mkate pamsewu, iye thukuta lili kamukamu. Nchifukwa chake ankafolera mothamanga ngati akuthawa mvula.

Pakamwa anatseka, koma manja anamuulula. Mudzi uliwonse unali ndi kalukidwe kake ka pamsonga pa denga, ndipo a ku Tharby ankapingasa timitengo katatu nkumangira mfundo kumanzere. Osbert sanaganizepo zosintha. Ankayesa kuti aliyense amamanga choncho.

Tsiku lina akutsika pamakwerero anapeza mayi wopemphetsa ataima chilili, maso ali padenga. Anali Avice, mwana wa Emmot.

"Mfundo imeneyo ndikuidziwa," anatero Avice. "Kodi ndiwe, Osbert? Wanenepatu."

Apo nkuti Sibil akubwera ndi mkate ndi mtsuko wa mowa, khanda lili m'manja.

"Akuti chiyani amayiwa, bambo ake mwana?"

Avice anayang'ana khandalo nthawi yaitali. Osbert anadikira kuti amalizike. Koma mayiyo anatembenukira kumsika nkukweza mawu:

"Anthuni, uyu ngwakwathu! Osbert wa ku Tharby! Madenga onse a kwathu anawagwira ndi iyeyu."

Atatero anamuyandikira nkunong'ona. "Sindinena. Koma mudzi ulibenso munthu, kwatsala nkhosa zokhazokha. Unausasula ndiwe, uusenze ndiwe."

Analandira mkate kwa Sibil nkumapita, osacheuka.

Dzina likamatirira silichoka. M'tauni munali a Osbert awiri, ndiye anthu anakondwa kupeza chowasiyanitsira. "Tharby, denga langa likudontha!" "Tharby, tabwera udzamweko!" Tsiku ndi tsiku, kakhumi kakhumi. Akamva dzinalo zinkakhala ngati waitanidwa kubwalo la milandu. Anaonda, munthu uja Avice anati wanenepa. Pa ubatizo, wansembe anatchula khanda lija kuti Hugh Tharby, Sibil nkumwetulira mano onse panja. Osbert anafuna kukana, koma akanati chifukwa chake nchiyani?

Hugh atakwanitsa zaka zisanu, Sibil anayambitsa nkhani akudya phala la mmawa.

"Inu, munthu wanji wobisa kwawo ngati wakuba nkhuku? Mwanayu watenga dzina la mudzi, ndiye akauone. Tinyamuke tikangokolola."

"Kulibe choona."

"Ngakhale achibale? Ngakhale manda a amayi anu?"

"Kuli nkhosa basi. Nyumba zilibe madenga."

Sibil anaseka. "Mudzi wa mmisiri wofolera wopanda madenga! Nanga mphepo yake ndi yotani?"

"Si mphepo."

"Nanga ndani?"

Osbert anayang'ana m'mwamba. Denga lake lomwe, lolimba, losadontha, koma analiona litatseguka, ndipo nkhope ija inali pomwepo. Anatopa nayo, anthuni, anatopa zenizeni. Mwana anali atasiya kudya, akudikira yankho pamodzi ndi mayi ake.

"Hugh, khala pomwepo umve nawe, poti dzinali ndi lakonso," anatero Osbert. Anaika supuni pansi. "Ndine. Ndipo m'nyumba imodzi munali munthu."